Mabotolo Awiri Amene Anada

1

Mayiyo anafika masana, mwezi wa Ramadhani utatsala pang'ono kuoneka. Ine ndinali pakhonde, ndikusita gauni yoyera imene anandipatsa ku labu, pamene lole ya Ababa inaima pageti pathu ku Chigumula. Loleyo si yawo, ndi ya holoselo ina ku Limbe, ndipo saloledwa kubwera nayo kunyumba. Ababa anatsika, anazungulira kutsogolo, anatsegula chitseko cha mbali inayo, n'kutambasula manja onse awiri kuti atsitse munthu. Chibadwire sindinawaonepo akuwatsitsa Amama choncho.

Anali mayi wowonda, wovala mpango wakuda, woyenda chowerama ngati wasenza thumba losaoneka. Katundu wake yense anali chikwama chimodzi chamizeremizere, chonga chimene amabwera nacho anthu ochokera ku Joni. Atayandikira ndinaona kuti pa choyera cha diso lake lakumanzere panali kadontho kakuda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osaphethira, mpaka simbi inayamba kununkhitsa gauni.

"Awa ndi a Nazia," anatero Ababa. "Akhala nafe."

Amama anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje, ndipo anapitiriza kupukuta manja atauma kale. Anagwada, anapereka moni, kenako anazungulira kuseri kwa nyumba. Nditawatsatira ndinawapeza ali chilili pakati pa chimanga chathu, akulira osatulutsa mawu. Nditafunsa kuti mlendoyo ndani, anangondiuza kuti ndikachotse zovala zanga m'chipinda changa chifukwa mlendo agona mmenemo.

Owerenga, ine ndine munthu wokonda nkhani zachikondi ndi zachinsinsi. Ndawerenga zambiri, ndipo mutu wanga suchedwa kulumikiza zinthu. Mwamuna wabwera ndi mkazi wosadziwika, wamutsitsa ngati dzira, mkazi wa panyumba akulira m'munda. Ndinadziuza kuti Ababa atenga mkazi wachiwiri ndipo akudikira Idi kuti alengeze. Ndikuyala mphasa yanga pabalaza tsiku limenelo, ndinalumbira mumtima kuti Idi isanafike mayi ameneyu adzakhala atachoka pakhomo pa Amama.

2

Ine ndine Tasnim, ndipo kunyumba kwa a Alidi ndi a Aminatu ndinakula ndekha, wopanda mkulu kapena mng'ono. Pa nthawiyo ndinali m'chaka choyamba ku yunivesite ku Chichiri. Mumzinda muno muli labu ina imene chaka chilichonse imasankha ophunzira ochepa, ena a sekondale, ena a ku yunivesite, n'kumupatsa aliyense katswiri woti azimuyang'anira pamene akuchita kafukufuku wake. Ine ndinachita mwayi. Ababa atamva anauza madalaivala onse a ku Limbe kuti mwana wawo wasanduka dokotala, ngakhale ntchito yanga yoyamba inali kutsuka timabotolo.

Wondiyang'anira anali Dokotala Indira, obadwira ku Nyambadwe, mdzukulu wa amwenye a sitolo. Chinyanja chawo chinkaposa changa. Sayansi yawo amaitcha metabolomikisi. Anandifotokozera kuti munthu akadya, akamwa mankhwala kapena akakhala ndi njala, thupi limasiya tinthu ting'onoting'ono m'magazi ndi mumkodzo, monga mmene wophika amasiyira makoko ndi phulusa. Makina a mu labu amasanthula tinthu timeneti, ndipo pakompyuta timaoneka ngati mzere wa timapiri. Kaphiri kalikonse kali ndi dzina lake.

"Munthu akhoza kundiuza kuti sasuta," ankatero akuseka, "koma mkodzo wake undinong'oneza. Mkodzo ndi wamiseche."

Ndiye nkhope yawo inkasintha. Ankati chifukwa choti mkodzo ndi wamiseche, ife tiyenera kukhala osunga pakamwa. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza kwa wophunzira aliyense.

"Botolo lili ndi nambala, lilibe nkhope. Tsiku limene udzaike nkhope pabotolo, udzavule gauniyo."

Maganizo a kafukufuku wanga ndinabwera nawo ndekha. Ndinkafuna kuona zimene zimasintha m'thupi mwa munthu amene akufunga, ndiye kuti akusala kudya, kuyambira pa daku, chakudya cha m'bandakucha, mpaka pa futali, chakudya cha madzulo. Dokotala Indira anakondwera nazo. Anati ndipeze akuluakulu ofuna kuthandiza, ndiwafotokozere bwinobwino, ndipo aliyense avomere yekha popanda kumukakamiza. Nanenso ndinaloledwa kupereka botolo langa, ndi kudziwa nambala yake.

3

Kunyumba mlendo uja anali wofatsa monyansa. Ankadzuka nafe pa daku, ankapemphera swala atakhala pampando chifukwa cha msana, ndipo masana ankadzitsekera m'chipinda changa. Ndikamapesa tsitsi pakhonde ndinkamupeza akundisuzumira pawindo. Ababa ankabwera ndi timapepala ta ku famase n'kukamupatsa pakhomo pa chipinda, akunong'onezana. Amama ankamuphikira, kumuchapira, kumutenthetsera madzi, koma osamuyang'ana m'maso.

Pali mwambo wina kunyumba kwathu. M'mwezi wa Ramadhani, tikatha futali, Ababa amapempha duwa, pemphero lathu, ndipo amatchula mayina a abale athu amene anatisiya: agogo aamuna, agogo aakazi, ndi azakhali a Tatu, mlongo wawo wa Ababa, amene ndinauzidwa kuti anafera pa njira ya ku Joni ine ndili khanda. Sindinaonepo ngakhale chithunzi chawo, koma ndinkawakonda. Ndili wamng'ono ndinkawapekera nkhani, kuti anathawa ndi mnyamata wokongola ndipo anafa atagwirana manja.

Chaka chimenecho Ababa anatchula agogo awiriwo n'kutseka duwa.

"Ababa, mwaiwala azakhali a Tatu," ndinatero. Kenako ndinakweza manja ndekha n'kupempha kuti Mulungu awakulitsire manda awo.

Mlendo uja anadzuka movutikira, n'kutuluka duwa yanga isanathe. Ndinati mumtima, taonani, salemekeza ngakhale akufa a pakhomo pano.

Mawa lake ndinagogoda pachitseko cha chipinda changa, kabotolo kali m'manja. Ndinamufotokozera za kafukufuku, ndikuyang'ana kumbali. Ndinamuuza, monga anandiphunzitsira, kuti palibe amene adzadziwe kuti botolo ili ndi la ndani.

"Anthu amapemphana mchere," anatero, ndipo kanali koyamba kumumva akuseka. "Iwe ukupempha mkodzo?"

Ndinati akhoza kukana ngati sakufuna.

"Ayi, bweretsa. Chibwerere sunandipemphepo kanthu. Chilichonse chimene ungandipemphe ndikupatsa."

Ndinaona ngati akundinyengerera kuti ndidzamulandire. Atandibwezera botololo ndinapita nalo kuseri, ndinasolola phini pampango wanga, n'kukanda kamtanda kakang'ono pansi pake. Sindinkadziwa chimene ndinkafuna kupeza. Ndinkangofuna chinsinsi chake chilichonse.

Mabotolo onse, a pakhomo pathu ndi a anthu a kumzikiti, ndinawaika m'kabokosi ka ayezi n'kukwera nawo minibasi. Kondakitala anagogoda kabokosiko n'kufunsa ngati munali mafirizesi, kuti ndimugawireko limodzi poti iye safunga. Ndinamuuza kuti akamwa amenewa sadzaiwala. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Ku labu, mayi womata manambala anandiuza kuti nditembenuke, monga mwa lamulo. Ndinatembenuka, koma chitseko cha kabati chinali chagalasi. Ndinaona nambala imene anamata pa botolo la kamtanda.

4

Zotsatira zitatuluka, Dokotala Indira anandikhazika pakompyuta n'kundionetsa timapiri tochepa toti ndiyambe nato. Anati munthu akatha tsiku osadya, thupi limayamba kudya mafuta ake, ndipo kaphiri ka mafuta otenthedwawo kamakwera. Anandionetsanso ka tiyi ndi ka mankhwala opha ululu. Kenako anaitanidwa kumsonkhano.

Atangotuluka ndinalemba nambala ija.

Kaphiri ka njala kanalibeko, panali see ngati bwalo la mpira. Ka tiyi kanali katali kuposa ka onse amene anamwa tiyi pa daku. Ka mankhwala opha ululu kanali pomwepo, kakuthwa. Mayi uja, amene ankadzuka nafe m'bandakucha ndi kunyambita milomo madzulo ngati wafa ndi ludzu, ankadya ndi kumwa masana m'chipinda changa.

Mtima wanga unavina. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma unavina.

Panali chinanso. Chakumapeto kwa mzerewo kunali chiphiri chachikulu kuposa onse, chopanda dzina pa timapiri timene anandiphunzitsa. Nditatsegula nambala yanga, chiphiri chomwecho chinaliponso. Mwa ena onse munalibe. Ndinaganiza kuti ndinasakaniza mikodzo iwiriyo potunga ndi kachubu kamodzi, poti ndinaikonza motsatizana. Poopa kukalipiridwa, ndinatseka kompyuta osauza munthu.

5

Loweruka tinali ndi alendo pa futali: a Nizam, mnzawo wa Ababa wa kumzikiti, akazi awo, ndi mwana wawo Hamdan, amene amaphunzira zamagetsi. Za Hamdan sindinena zambiri. Ndingoti tsiku limenelo ndinasintha mpango kangapo ndisanatuluke m'bafa.

Adhana, kuitana kwa kumzikiti, itamveka tinatsegula ndi madzi ndi zipatso za tende, kenako Amama anabweretsa samusa ndi mbatata yotendera. Amuna anakhala pamipando, ife pamkeka. Akazi a a Nizam anamuyang'ana mlendo wathu mwachifundo n'kunena kuti kufunga kukumuvuta, wawonda kwambiri, koma Mulungu amalipira opirira. Iye anangowerama. Ababa anatenga samusa yaikulu m'mbale mwawo n'kumutumizira. Ndinaona Amama akuyang'ana pansi.

Apo n'kuti a Nizam atandifunsa kuti kodi ku labu kwathuko timachita chiyani kwenikweni, poti Alidi amangoti dokotala, dokotala. Hamdan anasiya kudya kuti amve. Ndinafotokoza za timapiri. Ndinafotokoza bwino kwambiri, moti a Nizam anaseka n'kunena kuti ndiye makina amenewa asafike kumzikiti, angathe anthu.

"Afika kale," ndinatero. "Pamkeka pano pali munthu amene safunga. Amadzuka pa daku kutinamiza, masana n'kumamwa tiyi atatseka chitseko."

"Tasnim," anatero Ababa motsitsa mawu. "Tseka pakamwa."

Sindinatseke. Ndinaloza mlendoyo ndi chala, ine mwana wophunzitsidwa mwambo, ndipo ndinauza Ababa pamaso pa alendo kuti ngati akufuna kuwabweretsera Amama mkazi mnzawo, akanasankha woopa Mulungu.

Akazi a a Nizam anabweza samusa m'mbale. Amene anayankhula anali mlendoyo.

"Mwanayu sakunama," anatero. "Mankhwala a msana ndimamwa masana, ndipo safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndimachita manyazi kudya pakhomo pa anthu ofunga, n'chifukwa chake ndimabisala." Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo. Anatembenukira kwa Amama. "Ndi wanzeru. Mwamulera bwino, a Aminatu. Zikomo."

Anagwira khoma, anadzuka, n'kulowa m'chipinda. Amama anaphimba nkhope ndi mpango. Alendo anatsanzika chakudya chisanathe. Pageti Hamdan anatsalira pang'ono, ndipo ndinaganiza kuti andiyamikira kulimba mtima.

"Wodwala amaloledwa kusafunga," anatero. "Zimenezi amadziwa ngakhale ana a ku madarasa. Sizifuna makina."

Kutacha, ndinapeza chipinda changa chili chotsegula, bedi loyalidwa bwino, chikwama chamizere palibe. Ababa anali atatuluka naye. Atabwerera okha sanandiyankhule. Lumbiro langa linali litakwaniritsidwa Idi isanafike, koma tsiku lonse ndinalephera kulowa m'chipindamo.

6

Lolemba nditafika ku labu ndinapeza ophunzira anzanga ataunjikana pa tebulo la pakona. Lachisanu tinali titatulutsa mufiriji mabotolo a mkodzo wotsala kuti tikataye, ndiye tinawaiwala pamenepo. Onse anali achikasu monga mwa masiku onse, kupatula awiri. Awiriwo anali atada bii, ngati tiyi wopanda mkaka amene wagonera.

Dokotala Indira anabalalitsa anthu, n'kundiitanira mu ofesi mwawo pamodzi ndi mabotolo awiriwo. Maso awo ankawala. Anati usiku wa Lamlungu anayang'ananso zotsatira zanga ndipo anapeza chiphiri chachikulu mu manambala awiri, ndipo ndi manambala omwewa. Anandifunsa chifukwa chimene sindinawauzire. Ndinati ndinkaganiza kuti ndinasakaniza.

Anati sindinasakanize. Anandifotokozera kuti pali matenda ena osowa kwambiri, obadwa nawo, amene iwo anangowawerenga m'mabuku. Thupi limalephera kuphwanya kanthu kena kochokera m'zakudya, ndiye kamatuluka mumkodzo, ndipo mkodzowo ukakhalitsa pa mpweya umada. Munthu ali wamng'ono samva kanthu. Akamakula kanthuko kamadikha m'mafupa, msana umauma, ndipo ena amatuluka kadontho kakuda m'diso. Anati mwana amatengera kwa makolo onse awiri, choncho amaonekera kawirikawiri kumene asuweni amakwatirana.

"Matenda osowa chonchi, anthu awiri m'kabokosi kamodzi," anatero. "Amenewa si anansi chabe. Ndi magazi amodzi, apafupi kwambiri. Tiyenera kuwapeza mwa njira yake kuti akaonane ndi dokotala, makamaka ngati wina ali wamng'ono."

Ndinanyamula botolo loyamba. Nambala inali yanga. Ndinanyamula lachiwiri n'kulitembenuza. Kamtanda kanga kanali pomwepo.

Ndinawauza zonse: phini, galasi la kabati, futali, chala chimene ndinaloza. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anandifunsa kuti mayiyo ndinamulonjeza chiyani pomupatsa botolo. Ndinati ndinamulonjeza kuti palibe adzadziwe.

Sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinavula gauni n'kuwapatsa. Anati nkhaniyi akaitula kwa akuluakulu a labu, ndipo mabotolo a pakhomo pathu achotsedwa mu kafukufuku. Za ine tidzakambirana tsiku lina.

"Koma panopa usakhale pano," anatero. "Wodwala wako woyamba wamuthamangitsa. Pita ukamupeze."

7

Amama ndinawapeza akusankha mpunga pakhonde. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuwafunsa ngati ndili khanda matewera anga ankada.

Lichero linaima m'manja mwawo. Anandifunsa kuti wandiuza ndani. Ndinati botolo.

Kenako anayamba kuyankhula akuyang'ana mpunga. Anati matewera anga akagonera ankada ngati awaviika m'makala, moti ankawachapa mobisa ndi kuwayanika m'nyumba poopa kuti anansi anganene kuti mwana walodzedwa. Anapita nane kwa shehe, anapita nane kuchipatala chaching'ono, palibe anadziwa. Ababa okha ndi amene sanadabwe. Anati anazionapo kale kumudzi ku Machinga, pa mwana wina wamkazi, ndipo mwanayo anakula bwinobwino.

"Ine sindinabereke, Tasnim," anatero Amama. "Unabwera m'manja mwanga usanayambe kukhala pansi. Amene anakubereka anali mtsikana wamng'ono, mimba anamupatsa msuweni wake n'kumukana. Akuluakulu anamunyoza mpaka anathawa. Bambo ake anati kwa iwo wafa, ndipo anamuchitira sadaka ali moyo."

Anati mayiyo anakhala ku Joni zaka zonsezi akugwira ntchito m'nyumba za anthu, mpaka msana unamukanika. Anaimbira Ababa kupempha chinthu chimodzi: kuti adzakhale mwezi umodzi pafupi ndi mwana wake, amuone akudya, akupesa tsitsi, akupita kusukulu. Analumbiritsa onse awiri kuti asandiuze, poti sankafuna kulanda mwana kwa amene anamulera. Dzina la Nazia ndi limene ankagwirira ntchito kumeneko.

Ndinafunsa chimene Amama ankalirira m'chimanga muja.

"Ndinkaopa kuti ukamudziwa udzandisiya," anatero. "Ndiye iwe unamuthamangitsa pofuna kunditeteza ine. Chimene ndinkapempha mobisa chinachitika, ndipo chikundiwawa kuposa chimene ndinkaopa."

Ndinawagwira miyendo n'kulira. Nditafunsa kuti ndiye mayiyo ndani kwa Ababa, ndipo dzina lake lenileni ndani, Amama anapukusa mutu. Anati iwo aphwanya kale theka la lumbiro, theka linalo ndikamve kwa mwini wake. Anati mlendoyo akugona kwa mayi wina ku Limbe, ndipo basi ya ku Joni inyamuka mawa mmawa ku Wenela.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu a sekondale ndi a ku yunivesite amene mukulakalaka mwayi ngati umene ndinapeza, musaope kufunsira. Mu labu muli zodabwitsa zoposa nkhani zonse zachinsinsi zimene ndinawerenga. Koma makina aja amangokuuza kuti munthu wamwa tiyi masana. Sakuuza chifukwa chake. Ine ndinaona timapiri titatu n'kuganiza kuti ndamudziwa munthu, pamene chiphiri chachikulu, chimene chinkanena za ine, ndinachitsekera m'kompyuta poopa kukalipiridwa. Gauni ija anandibwezera patapita miyezi, ndipo ndinayambiranso kutsuka mabotolo. Hamdan amandipatsa moni wa patali. A Nizam akandiona amayang'ana kumbali. Zimenezo ndi zanga, ndimazisenza. Chimene sindinathe kuchisenza n'choti basi ija inyamuke.

Ku Wenela ndinafika ndi Amama. Anaumirira kubwera, koma titafika pageti anaima n'kundikankha pamsana kuti ndipite ndekha. Anyamata onyamula katundu ankakuwa, injini ya basi inali italira kale. Ababa ndinawaona ataima pafupi ndi chitseko, chikwama chamizere chili m'manja. Pambali pawo, pa benchi, panali mayi aja, atawerama.

Ndinagwada pa simenti pamaso pawo, anthu akuona. Mawu onse amene ndinakonza mu minibasi anathawa. Ndinangowauza kuti botolo lawo ndi langa anada onse awiri. Ndinati Dokotala Indira akudziwa dokotala wa mafupa amene angawaone, ndipo nanenso ndiyenera kukapimidwa, koma ndikuopa kupita ndekha.

"Nawenso?" anatero. Anandigwira chibwano n'kundiyang'ana m'maso, diso lina kenako linzake, kufunafuna kadontho. "Mulungu wanga. Pa zonse zimene ndikanakusiyira, ndinakusiyira zimenezi."

Ndinawapempha kuti andikhululukire. Anati palibe chokhululuka, mwana amene amamenyera nkhondo mayi ake ndi mwana wabwino. Kondakitala anaitana okwera omaliza. Ababa anayang'ana chikwama, anayang'ana ife.

"Munati chilichonse chimene ndingapemphe mundipatsa," ndinatero. "Ndikupempha ziwiri. Musakwere basiyi."

Mayi aja anayang'ana kugeti kumene kunaima Amama. Amama anagwedeza mutu, kenako anayamba kubwera. Ababa anatsitsa chikwama pansi.

"Chachiwiri?"

"Dzina lanu."

Anamwetulira, misozi ikutsikira m'mpango.

"Umalidziwa kale. Chaka chilichonse umalimva pa duwa, ndipo tsiku lija unandipempherera kuti manda anga akule. Alidi ndi mlongo wanga. Ine ndine Tatu."